Galu wa lokolo: kodi tinayamba liti kumunyoza?

Lero za feteleza ndi mtengo wa usipa tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za galu. Osaseka ayi, khalani pansi muwerenge.

Ndikunena galu wathu uyu wa m'mudzi, wofiirira ngati dothi la katondo, wa ubweya waufupi, wa mchira wopindikira kumsana, amene nthiti zake ungathe kuziwerenga uli patali. Masiku ano dzina lake ndi "lokolo" kapena "wachikuda". Mawu amenewa munthu akamawatchula amakwinya nkhope ngati waponda zoipa. Mwana wa m'tawuni akabwera ku holide, akangomuona amafunsa kuti, "Agogo, chimenechi ndi galu?" Ndipo ife eni ake timaseka nawo, mwinanso kumuponya mwala kuti achoke pamaso pa alendo. Ine ndakhala ndikufufuza, kufunsa akuluakulu ndi kuwerenga zimene ana amandipezera pa foni, ndipo chimene ndapeza n'chakuti kunyoza kumeneku sitinabadwe nako. Kuli ndi mbiri yake, zaka zake, ndi njira imene kunadzera kuti kufike ku Kande, ku Chintheche, ku Mpamba ndi ku Usisya.

Tiyambire kalekale. Anzathu Achewa ali ndi nthano ya ku Kaphirintiwa, kuphiri la Dzalanyama, yonena za chiyambi cha anthu. Amati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala limodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zonse zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo udani wa munthu ndi nyama unayambira pomwepo. Koma galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Taonani malo amene makolo anamupatsa galu m'nthanoyo. Akatswiri ofukula zakale nawonso amati galu analowa mu Africa kudzera ku Egypt zaka zoposa 6,000 zapitazo, n'kumatsika pang'onopang'ono ndi anthu oweta ndi olima. Kummwera kwa mtsinje wa Limpopo apezako mafupa a galu a m'zaka za m'ma 570. Ngati anafika kumeneko nthawi imeneyo, ndiye kuti kuno kwathu, komwe ndi panjira, anali atadutsa kale. Galu ameneyu ndi mwini dziko kuposa chinangwa chimene timadya, paja chinangwa chinachita kubwera ndi Apwitikizi kuchokera ku South America. Kondowole timamunyadira kuti ndi wathu, galu amene anamupeza kuno timamutcha wachabechabe.

Zaka zonsezo panalibe munthu amene ankakhala pansi kusankha kuti galu uyu akwere uyu kuti ana adzakhale ndi makutu otere kapena mtundu wotere. Amene ankasankha ndi dzuwa, njala, nkhupakupa ndi matenda. Wosalimba ankafa asanabereke. N'chifukwa chake maonekedwe amene timawasekawa ali ndi ntchito yake. Ubweya waufupi ndi wa kutentha kwa mwezi wa October kuno kunyanja, komanso nkhupakupa ndi nthata sizibisala bwino. Thupi lochepa silifuna chakudya chambiri. Miyendo yaitali yowonda ndi yothamangira m'thengo ndi m'mapiri. Galu ameneyu amakhala moyo ndi makoko a kondowole, mitu ya usipa ndi zimene wadzipezera yekha, n'kugwirabe ntchito usiku wonse.

Ntchito yake tonse tikuidziwa, ngakhale timachita ngati taiwala. Amene munda wanu wa chinangwa uli kumtunda pafupi ndi nkhalango mukudziwa chimene nguluwe zimachita usiku umodzi wokha. Mukudziwanso anyani, amene mwana kapena mayi samuopa n'komwe, amangomuyang'ana uku akuzula. Koma pakakhala agalu awiri atatu, gulu lonse limakwera phiri. Vumbwe ndi likongwe akafuna nkhuku, amene amayamba kudziwa ndi galu. Kale pa uzimba, ntchenzi, akalulu ndi agwape ankagwidwa ndi iyeyu, ndipo mlenje wabwino ankamupatsa gawo lake la matumbo asanagawire anthu. Inde, ndi wakuba, zimenezo sindingamuikire kumbuyo. Usipa ukakhala pa thandala osauyang'anira, aulawa ndithu. Koma amphaka ndi akhwangwala nawonso amaba, sitiwatcha maina.

Chimene chimandisonyeza kuti makolo ankamuwerengera ndi maina amene ankamupatsa. Galu wakale sankatchedwa dzina lopanda mutu. Dzina lake linali uthenga. Mayi amene akukangana ndi mkazi mnzake wa pamitala, kapena bambo amene abale akumudya miseche, ankatcha galu wake Mudzatopa, Zilikwanu, Bakhalani, Nenani, kapena dzina lotere m'Chitonga chathu. Madzulo akamamuitana mokweza kuti adzadye, mudzi wonse unkamva, ndipo mwini nkhani ankadziwa kuti mawuwa ndi anga, koma mlandu panalibe, paja munthu akungoitana galu wake. Ndiye galuyo anali wailesi, anali loya, analinso mkhalapakati. Chinthu chimene umachiona ngati chachabe sungachisenzetse mawu ako a kumtima.

Tsono zinasintha bwanji?

Munthu woyamba amene ndamupeza akuyerekeza galu wathu ndi galu wina ndi David Livingstone, yemwe uja anadutsa m'mbali mwa nyanja yathu ino pa boti mu 1861. Pa ulendo wake womaliza anali ndi kagalu kakang'ono ka ubweya wambiri, dzina lake Chitane. Kanazungulira naye kummwera kwa nyanja mu 1866, ndipo kanamira m'madzi mu January 1867 akuwoloka dambo lalikulu m'dziko limene lero ndi Zambia. Livingstone anadandaula kwambiri, ndipo ine sindimunena, galu wako akafa zimapweteka. Koma m'zolemba zake chimene anakayamikira kwambiri n'chakuti kankathamangitsa agalu a m'midzi kuti asayandikire nyumba zimene iye ankagona. Mlendo wafika m'mudzi mwa eni, galu wake ndiye wolemekezeka, agalu a eni mudzi asanduka akuba oyenera kupirikitsidwa. Kaganizidwe kameneka kanayamba motero ndipo sikanasinthe kwenikweni.

Muyenera kudziwa zimene zinkachitika kwawo kwa azungu nthawi imeneyo. Nkhani yoti galu ali ndi "mtundu" wolembedwa m'buku si yakale monga timaganizira. Chionetsero choyamba cha agalu ku England chinachitika ku Newcastle mu 1859. Bungwe lolemba mibadwo ya agalu, Kennel Club, linayamba ku London mu 1873. Anthu olemera anayamba kupikisana kuti galu wa ndani ali ndi mphuno yoyenera, mchira woyenera, ubweya woyenera, ndipo galu wopanda pepala la makolo ake anasanduka wapansi. Ngakhale German Shepherd amene abale athu a m'tawuni amamulota, anayamba kulembedwa mu 1899, pamene msilikali wina wa ku Germany, Max von Stephanitz, anagula galu pa chionetsero n'kuyambitsa bungwe lake. Makolo a galu ameneyo anali agalu wamba a abusa a nkhosa a m'midzi ya ku Germany. Kunena mosabisa, anali a lokolo a kumeneko. Mishoni ya Bandawe, imene inakhazikika kuno mu 1881, ndi yakale kuposa German Shepherd.

Azungu atabwera kudzakhala kummwera kwa Africa anabwera ndi maganizo amenewa. Galu wa munthu wakuda anamupatsa dzina lomwe lija lotukwana limene ankatitchula nalo ife, lija loyamba ndi k. Kuvuma, ku Tanganyika ndi ku Kenya, ankati "shenzi", kutanthauza chinthu cha kutchire, chosatukuka. Mwini ndi galu wake anawaika m'thumba limodzi. Ndipo sizinathere pa mawu okha. Mu 1893 mumzinda wa Port Elizabeth ku South Africa munabuka chiwewe. Atafufuza anapeza kuti matendawo anabwera ndi galu wa mtundu wa Airedale terrier amene anamuitanitsa kuchokera ku England chaka cha 1892. Galu wa pepala, wokwera sitima. Koma amene anaphedwa mazanamazana anali agalu oyendayenda ndi agalu a anthu osauka, pamene a mabwana anawamanga zotseka pakamwa n'kuwasunga m'mipanda. Ku Southern Rhodesia chiwewe chinabuka mu 1902 kufupi ndi Bulawayo ndipo chinavuta mpaka 1913. Kumeneko agalu amene anaphedwa anali zikwi makumi angapo, ochuluka a iwo a m'midzi ya anthu akuda, ndipo boma linaikanso msonkho wa galu.

Msonkho wa galu umenewu tiuonetsetse. Mzungu wa famu sankadana ndi galu wa munthu wakuda chifukwa choti ndi wonyansa m'maso basi. Munthu amene ali ndi agalu osaka amapeza ndiwo yekha, ndipo munthu wokhuta safulumira kukapempha ntchito pa famu. Nyama za m'tchire nazonso azungu ankazifuna okha, zosaka pa masewera awo. Ndiye kunena kuti galu uyu ndi wauve, wamatenda, wopanda mtundu, kunali kukonza njira yoti amuchotse popanda wina kudandaula.

Chaka chimene chimandikhudza kwambiri ndi 1922, chifukwa munachitika zinthu ziwiri zimene ukaziika pamodzi mutu umazungulira. Ku South West Africa, komwe lero ndi Namibia, kunali anthu otchedwa Bondelswarts, a mtundu wa Nama, amene atalandidwa malo awo ambiri ankadalira agalu posaka ndi poteteza ziweto ku nkhandwe. Boma la South Africa, limene linkalamulira dzikolo, linakweza msonkho wa galu mu 1921 kufika paundi imodzi pa galu woyamba, ndipo munthu wa agalu asanu ankayenera kupereka mapaundi 10. Paundi imodzi inkafanana ndi malipiro a mwezi wathunthu a wantchito wa pa famu, mwinanso kuposa. Anthu anakana. Panalinso madandaulo ena, a malo ndi a mtsogoleri wawo Abraham Morris amene boma linkafuna kumugwira. Mu May 1922 bwanamkubwa Gysbert Hofmeyr anatumiza asilikali, mfuti zazikulu ndi ndege zoponya mabomba. Anthu oposa 100 anafa, ena mwa iwo amayi ndi ana.

Chaka chomwecho, mumzinda wa Bulawayo, azungu okonda agalu anasonkhana motsogozedwa ndi F. R. Barnes n'kulemba maonekedwe oyenera a galu watsopano amene anamutcha Rhodesian Ridgeback. Galu ameneyu amadziwika ndi mzere wa ubweya wa pamsana umene umamera mobwerera kumutu. Mzere umenewo anautenga kuti? Kwa agalu a Akhoikhoi, anthu a mtundu umodzi ndi a Nama aja, amene azungu oyamba anawapeza ku Cape ali ndi agalu awo a mzere pamsana. Anawakweretsa ndi agalu a ku Ulaya, mlenje wina dzina lake Cornelius van Rooyen anawagwiritsa ntchito posaka mikango, kenako analowa m'buku. Ndiye m'chaka chimodzi, magazi amodzimodzi a galu, kwina akuwaphera eni ake ndi mabomba, kwina akuwalembera satifiketi. Lero Ridgeback amagulitsidwa ndalama zambiri ku America ndi ku Ulaya. Chinasintha si galu, koma dzanja limene lagwira chingwe.

Mwina wina afunsa kuti, Ada, zonsezi ndi za ku Rhodesia ndi ku Namibia, zikutikhudza bwanji ife a ku Nkhata Bay? Zikutikhudza kuposa maboma ena ambiri m'Malawi muno, chifukwa ife Atonga ndi amene tinayamba msanga kupita kumeneko. Sukulu za Bandawe zinatipatsa Chingerezi ndi masamu, msonkho wa nyumba unatikankha, ndipo amuna a m'mbali mwa nyanja muno anadzaza ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndi amene dziko limamudziwa, koma kumbuyo kwake kunali azigogo athu zikwizikwi amene ankagwira ukalaliki, ukapitawo, uweta m'mahotela, ndipo ambiri ukhukhi ndi ntchito za m'nyumba za azungu. Amenewa ndi amene anaona ndi maso awo moyo wa galu wa bwana.

Agogo anga aamuna anagwira ukhukhi ku Bulawayo zaka zambiri. Ankatiuza tili ana, titazungulira moto, kuti ntchito yawo yoyamba m'mawa inali kuphikira galu. Galuyo anali ndi mbale yake, bulangeti lake, sopo wake, ndipo akadwala ankakwera galimoto kupita kwa dokotala wake, pamene iwo akadwala ankayenda pansi. Ku butchala kunali nyama yotchipa imene azungu ankaitcha nyama ya maboyi, ndipo agogo ankati masiku ena ukayang'ana mumphika wa galu ndi mumphika wako, umasirira wa galu. Ankanena zimenezi akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene chinthu chinamulasa. Ndipo agogo omwewo, atabwerera kumudzi ndi njinga, suti ndi galamafoni, agalu awo onse anawatcha Tiger, Spot ndi Danger. Maina aja a uthenga anathera pomwepo pakhomo pathu. Anthu amenewa anabwera ndi zinthu ziwiri mumtima: kuwawidwa ndi galu wa bwana, ndi kumusirira. Anaonanso agalu akuluakulu a apolisi a ku Rhodesia ndi ku South Africa akukhwirizidwira anthu m'malokeshoni, ndiye m'mutu munakhazikika kuti galu weniweni ndi wamkulu, wa ubweya, woopsa, wodya nyama, womva Chingerezi. Uyu wa pakhomo womva Chitonga anakhala ngati chithunzi cha umphawi umene ankauthawa.

Titalandira ufulu mu 1964 azungu ambiri anapita, koma nyumba za mipanda zinatsala, ndipo amene analowamo anatengera ndi galu yemwe. Umbava utachuluka m'matawuni, makamaka kuyambira m'ma 1990, aliyense anafuna chigalu choti wakuba akangomva mawu ake abwerere pa geti. Apa ndi pamene panabadwira malonda aja mumawaona m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, anyamata atanyamula tiana ta agalu m'manja padzuwa, kumatikweza m'mwamba galimoto ikamadutsa. Kamwana kalikonse ka galu kamakhala konenepa ndi ka ubweya wofewa, ndiye wogulitsa amangoti "German iyi bwana", wogula n'kutulutsa ndalama. Tambiri timakhala titachotsedwa kwa make tisanasiye kuyamwa, topanda katemera, ndipo tina timafa sabata yomweyo. Kamene kapulumuka, pakatha miyezi isanu ubweya uja umathothoka, miyendo imatalika, mchira umapindika, bwana n'kuzindikira kuti anagula msuweni wa galu wa kwawo ku Kande. Chikondi chimathera pomwepo. Ena amamutsegulira geti kuti azipita, ena amamukweza basi kumutumiza kuno kumudzi ngati katundu wotha ntchito.

Agalu otayidwa otere ena amathera kumalo osungirako agalu opanda mwini. Kwa amene simunamvepo, malo amenewa alipo. Ku London alipo otchuka a Battersea, amene anayambitsidwa ndi mayi wina dzina lake Mary Tealby mu 1860. Kuno kwathu kuli bungwe la LSPCA ku Lilongwe, limene linayamba mu 2008, ndi BSPCA ku Blantyre. Amatola agalu ovulala ndi otayidwa, kuwachiza, kuwabaya katemera, kuwafula kapena kuwatseka kuti asabereke, kenako n'kuwafunira pakhomo patsopano. A LSPCA akhalanso akulimbana ndi malonda a m'mbali mwa msewu aja. Mphwanga wina amene amakhala ku Lilongwe anapita kumalo otere ndi mnzake wa kuntchito amene ankafuna galu. Akuti mnzakeyo anayenda khola ndi khola, agalu athanzi, obayidwa kale, akumugwedezera michira, iye n'kumangoti, "Awa ndi a lokolo awa, palibe wa mtundu?" Anatuluka chimanjamanja, ndipo Loweruka lotsatira anakagula kamwana pamsewu. Sanafunse ngati galuyo amauwa usiku, ngati amagwirizana ndi ana, ngati amagwira nkhuku. Anangoyang'ana ubweya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma mwambi umenewu timaukumbukira posankha mkazi basi.

Pali mbali ina imene sitingawanamizire azungu, ndi yathuyathu. Ndikunena za galu wakuda. M'midzi mwathu muno galu wakuda bii, makamaka wa maso owala usiku, anthu amamunong'oneza kuti ndi wa ufiti, ndipo nkhalamba imene ikumusunga nayonso imalowa m'mavuto. Galu akabereka, tiana takuda ndi timene timatsalira, kapena kutayidwa kumtsinje. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ku Ulaya ndi ku America, ogwira ntchito m'malo osungira agalu amadandaula kuti anthu ambiri amawalambalala agalu akuda. Ine ndasungapo akuda awiri pa moyo wanga, ndipo mfiti imene anaigwira ndi vumbwe yekha.

Tsono tamverani mmene dziko limazungulirira. Ku Congo kuli galu wa m'midzi, wamng'ono, wofiirira, wa makutu oima ndi mchira wopindika, amene sauwa ngati anzake. Azungu anamutengera ku England, n'kumuonetsa pa chionetsero chachikulu cha Crufts mu 1937 ndi dzina loti Basenji, dzina lochokera ku mawu omwe aja onyoza a anthu a kutchire. Lero ndi galu wa anthu olemera. Mukaona chithunzi chake pa intaneti mudzati ndi uja amagona pansi pa bwato ku Chintheche. Ku South Africa nako, ulamuliro wa tsankho utatha, mu 1998 anthu ena, mmodzi mwa iwo Johan Gallant, anayambitsa bungwe loteteza galu wa m'midzi ya kummwera kwa Africa, n'kumupatsa dzina loti Africanis. Amati ndi galu wanzeru, wolimba ku matenda, wosavuta kuphunzitsa, ndipo amachenjeza kuti asamusakanize mwachisawawa ndi agalu a kunja. Ndiye musadabwe, abale a m'tawuni, tsiku lina mudzamugula kwa mzungu ndi dzina la Chingerezi, mutamukana kwaulere kwa amalume anu.

Ndafika pa chimene chandipangitsa kulemba zonsezi, chifukwa nkhaniyi si ya ulemu wa galu wokha. Ndi ya ana athu. Chinthu chimene umachinyoza suchisamala. Mbuzi ikatsokomola timathamangira kwa alangizi a ziweto, nkhuku timazipatsa katemera wa chitopa, koma galu timati ndi galu basi, adziona yekha. Tsiku la katemera wa chiwewe likalengezedwa, bambo wamkulu amachita manyazi kuyenda pamsewu atakoka galu wa lokolo pa chingwe, amatuma kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri, galu n'kukapulumuka panjira. Pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibe mankhwala.

Ndili mnyamata, njira imene tinkaiona inali ya mfuti. Kunkabwera lamulo loti aliyense amange galu wake, ndipo wopezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Ndi njira yomwe ija ya ku Port Elizabeth ndi ku Bulawayo. Pakatha chaka agalu ankadzadzanso, chifukwa otsala amabereka, ndipo atsopanowo analibe katemera. Akatswiri masiku ano amati chimene chimathetsa chiwewe ndi kubaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka. Ku Blantyre anayesa. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a boma oona za ziweto ndi BSPCA, anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, ena pa masukulu, ena khomo ndi khomo, ndipo anapitiriza zaka zotsatira. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth anaona kuti ana obwera ndi chiwewe achepa kwambiri. Pa mzere wa katemerawo palibe amene ankafunsidwa kuti galu wanu ndi wa mtundu wanji. Amene anateteza ana a ku Ndirande ndi ku Bangwe ndi a lokolo omwewa, atabayidwa jakisoni mmodzi.

Maonekedwe amatipusitsanso pa matenda penipenipo. Galu wa mphere, wothothoka ubweya, wa zilonda m'makutu, ndi amene ana amamugenda akufuula kuti wachiwewe. Mphere si chiwewe, imachizika ndi mankhwala, ndipo kumugenda ndi kumene kumapangitsa kuti alume mwana. Galu wachiwewe akhoza kukhala wonenepa, wosalala, wa m'nyumba ya mpanda. Chizindikiro ndi khalidwe: wofatsa kuyamba ukali wopanda chifukwa, kuluma mitengo ndi miyala, kutuluka dovu, mawu kusintha, kapena kungofooka nsagwada ili lende ngati watsamwa fupa. Apo osalowetsa dzanja mkamwa mwake kuti muchotse fupalo. Ndipo munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu aliyense, kaya wa lokolo kaya wa bwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Zothira tsabola, zomata ubweya wa galuyo pabala, zoyamba mwadikira kuti tione, zimenezo zaika ana ambiri m'manda.

Pa 28 September ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, ndipo nthawi ngati imeneyo alangizi a ziweto amakonda kulengeza za katemera. Ama ndi ada a kuno kumudzi, mukamva uthengawo kwa a mfumu kapena ku tchalitchi, galu mupite naye nokha akuluakulu, ndipo yambani kumuzoloweza chingwe kudakali masiku, chifukwa galu amene sanamangidwepo savomera tsiku limodzi. Amene muli ndi njinga muthandize agogo amene sangathe kuyenda. Inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene mukufuna mlonda wa pakhomo, kayambeni mwaona kumalo osungira agalu kuja musanaime pamsewu, ndipo mukafunse za khalidwe lake ndi khadi lake la katemera. Ndipo amene mukubwera pa Khirisimasi, chonde musatibweretserenso tiana ta "German" ta pamsewu, tatopa n'kukumba maenje kuseri kwa khola. Mutigulireko mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba za agalu, kuno amasowa ndipo akapezeka mtengo wake ndi wina.